Mbatatesi Zoyamba za a Jokum

Amuna anga a Jokum anafika zaka makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi ziwiri asanaphepo katumbu wa m'nyanja. Ndikunena poyera chifukwa si chinsinsi. Midzi yonse ya m'gombe lathu lino la kummwera kwa Greenland inkadziwa, poti Efraim ali ndi boti, alinso ndi pakamwa.

Si kuti a Jokum ndi aulesi. Amaweta nkhosa mazana atatu, ndipo iliyonse amaidziwa nkhope. Koma akangoponda m'boti, nkhope yawo imasanduka ngati mkaka wosasa, n'kuyamba kudyetsa nsomba zonse zimene adya m'mawa. Ali ndi zaka khumi ndi zitatu bambo awo anawatenga kokasaka katatu, ndipo katatu konse anabwerako atagona chafufumimba m'boti, mfuti ataikumbatira.

Kuno mnyamata akapha katumbu wake woyamba, amayi ake amachita kafemiki. Khomo limakhala lotsegula tsiku lonse. Anthu amalowa m'magulu, kumwa khofi, kudya keke, kulandira nthuli ya nyamayo, n'kutuluka kuti anzawo apeze pokhala. Apongozi anga, mayi Makka, anagula makapu khumi ndi awiri a maluwa abuluu ku Qaqortoq mwana wawo akadali ndi zaka khumi, kukonzekera tsikulo. Tsikulo silinafike. Makapuwo sanawatulutse pa ukwati wathu, ngakhale pa ubatizo wa ana athu. Ukawafunsa ankangoti, "Amenewo ndi a Jokum. Adzagwira ntchito." Anamwalira makapu akadali m'bokosi, atakulungidwa m'nyuzipepala.

Efraim ndi mnzawo wa a Jokum wa kuubwana, mlenje woti akatumbu amene anapha sangawerengeke. Paliponse pamene anthu asonkhana, nyimbo yake inali imodzimodzi.

"Jokum, kafemiki ija utiitana liti? Mano akunditheratu m'kamwa ndikudikira keke ya amayi ako."

A Jokum ankaseka nawo, ndipo anthu ankati munthuyu ndi wopanda mangawa. Ine amene ndimakhala nawo ndinkadziwa kuti mawuwo amawalasa, chifukwa tikabwerera kunyumba ankapita kukhola n'kukakhalako nthawi yaitali popanda chochita. Efraim ndinkamuda nazo zimenezi, ndipo sindinkabisa.

Ntchito yanga pakhomo pano, kupatula kuzazira agalu, ndi kuyang'anira nyanja imene palibe anaionapo. Ili kumtunda kwa chigwa chathu, pansi pa chiayezi chimene chimatsika kuchokera m'kati mwa dziko. Chilimwe chilichonse madzi osungunuka pamwamba amalowa m'ming'alu n'kukadikha pansipo, ndipo nyanjayo ikamadzaza imatukula ayezi wa pamwamba pake ngati thovu likutukula chivundikiro cha poto. Ikafika pakhosi imadziboolera njira kunsi kwa ayezi n'kukhuthukira yonse mumtsinje wathu m'masiku atatu. Ikatero ayezi amatitimira pakati, njira ija imatsekeka ndi kulemera kwake, nyanja n'kuyambiranso kutunga. Zimaitengera zaka zisanu, nthawi zina zisanu ndi chimodzi.

Kuseri kwa chiayezicho kuli phiri lakuda losongoka limene timalitchula kuti Dzino. Nyanja ikangokhuthuka, Dzino limaoneka lonse. Chaka ndi chaka ayezi amakwera n'kumalimeza, ndipo tsiku limene nsonga yake yabisika timadziwa kuti kwatsala milungu yochepa. Timachotsa nkhosa kuchigwa, timakokera kamlatho kathu ka matabwa kumtunda, basi n'kumadikira. Woyang'ana Dzino wakhala ali mkazi wa pakhomo pano kuyambira kale, chifukwa zenera la kukhitchini kwake ndi limene linaloza kumeneko. Apongozi akudwala komaliza anandigwira dzanja.

"Bolatta, zenera ndakusiyira iwe. M'mawa uliwonse uzilipatsa moni Dzino."

Ndipo ndinkalipatsa moni. Apa mundimvetse bwino, chifukwa pali ena amakamba nkhaniyi ngati ndinali m'tulo. Sindinaphonyepo m'mawa ngakhale umodzi. Kungoti patapita chaka apongozi atamwalira tinamanga nyumba yatsopano pamwamba pa chitunda, yakale ija n'kuisandutsa mosungira udzu wa nkhosa. Ndinakangana ndi mmisiri sabata yathunthu kuti zenera la kukhitchini liloze ku Dzino, ndipo ndinamugonjetsa. Ndinkadzitama nazo kwa aliyense wolowa m'nyumbamo.

M'chaka chachisanu ndi chiwiri chikhuthukireni nyanja, a Jokum anadzuka ndi maganizo a mbatatesi. Anamva kuti alimi a m'magombe ena ayamba kukolola poti chilimwe chikutalika masiku ano. M'chigwa chathu munali musanamerepo mbatatesi chiyambire. Malo amene anawasirira anali m'mbali mwa mtsinje, pamene chigumula chimasiya dothi losalala ngati ufa, lopanda ndi kamwala komwe.

"Bolatta, Dzino likuti bwanji?" anandifunsa tsiku lina ndikutsuka mbale.

Ndinatambasula mkono n'kuyeza pagalasi monga ankachitira apongozi. "Likuoneka. Chala chimodzi ndi theka."

"Komatu chino ndi chaka chachisanu ndi chiwiri."

"Ndiye ine nditani? Ndipite ndikalikankhire pansi? Nyanja yachita ulesi ulendo uno. Kadzaleni mbatatesi zanuzo."

Anadzala kumayambiriro kwa Juni. Sindinawaonepo akusamala chinthu ngati mmene ankasamalira dimba limenelo. Kukazizira ankalifunditsa nsalu yoyera, kukawala ankalivundukula. Anamanga mpanda woti nkhosa yanzeru chotani singadutse. Ndinawapezapo akulankhula ndi mizere, ndipo atandiona ananamizira kutsokomola.

Efraim anafika tsiku lina kudzatisiyira nyama, n'kuwapeza atagwada akupalira.

"Ukusaka chiyani m'dothimo, aise? Uziyenda mwakachetechete zingakumve fungo n'kuthawa. Koma wasankha bwino, munda sugwedezeka ngati boti."

Ndinalandira nyamayo osamuthokoza.

Maluwa atatuluka mu Julaye, oyera dimba lonse, ndinaima pachitunda n'kumawayang'ana a Jokum akuyenda pakati pa mizere manja ali kumbuyo. Ndi pamene maganizo anandibwerera. Katumbu ndi chakudya, mbatatesi nazo ndi chakudya. Nkhosa anazipeza kwa bambo awo, koma izi zinali zawozawo, zoyamba m'chigwa chonse. Ndinakauza mlamu wanga Tuperna, mchemwali wawo wa a Jokum amene amakhala kuseri kwa phiri lakumwera. Anaseka mpaka kugwira nthiti, kenako analira. Tsiku lomwelo tinatumiza mawu m'midzi kuti pa 15 Seputembala, akakolola, kudzakhala kafemiki ya a Jokum.

Eni ake atamva anakana.

"Iwe Bolatta, anthu adzandiseka."

"Akhala akukusekani zaka makumi anayi. Bola adzaseke m'kamwa muli keke."

Koma patapita masiku awiri ndinawapeza kuchipinda akuyesa malaya awo oyera a pachikondwerero, akukokera mimba m'kati kuti akwane. Ndinabwerera chamsana asanandione, mtima ukundidumpha ngati mtsikana.

Pa 24 Ogasiti m'mawa ndinatsikira ku nyumba yakale kukatenga makapu kuti ndiwatsuke. Bokosi linali pamene apongozi analisiya, pashelefu ya kukhitchini, udzu utalikwirira theka. Ndinalitsitsa, ndinauzira fumbi, ndipo poweramuka maso anga anapita okha pazenera, poti ndi mmene anazolowerera zaka zambiri m'chipinda chimenecho.

Kunali ayezi yekhayekha, mbee, mpaka kukagunda thambo.

Ndinapukuta galasi ndi mkono wa juzi. Ndinatuluka panja n'kuyang'ana popanda galasi. Kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe, ndipo Dzino kunalibe. Ndinasiya bokosi pakhomo n'kuthamanga chitunda chonse mpaka kukhitchini kwanga. Dzino ilo, chala chimodzi, lili phee. Ndinatsikanso: kulibe. Ndinakweranso: lilipo. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi zinayi komanso bondo lovuta, ndipo agalu ankanditsatira uku ndi uku poganiza kuti ndi masewera. Ulendo wachitatu ndinatsika pang'onopang'ono maso ali kuphiri, ndipo ndinaliona likumira phazi ndi phazi, mpaka pakati pa njira linazimiririka.

Ndinakhala pansi pomwepo. Wokwera padenga amaona kuseri kwa mpanda, zimenezi ngakhale mwana amadziwa. Apongozi ankayezera pa zenera la m'munsi, amayi awo ankayezeranso pomwepo, ndipo ine ndinasamutsa zenera n'kulikweza pachitunda, n'kumadzitama. Zaka zinayi ndinkanamiza mudzi ndi mtima woyera. Manyazi amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire.

A Jokum ndinawapeza m'dimba. Sindinazungulire.

"Dzino labisika. Pa zenera la amayi silikuoneka. Sindikudziwa kuti linabisika liti."

Anandiyang'ana, anayang'ana nyumba yatsopano, anayang'ana yakale, ndipo ndinaona kuti amvetsa. Anayenda kupita kumtsinje ine ndili pambuyo. Madzi amene amakhala otuwa anali atada ngati phulusa lonyowa, tizidutswa ta ayezi tikuyandama. Mwala umene agalu amaimapo pomwa madzi unali utamira.

"Yayamba," anatero. Anatembenukira kudimba. "Milungu itatu, Bolatta. Zimangofunika milungu itatu yokha."

"Ndilalatireni. Musangokhala chete choncho, ndilalatireni."

"Nthawi ndilibe. Ndidzakulalatira Lamlungu. Kaitane anthu."

Tuperna ndinamuimbira foni koyamba, ndipo ndisanamalize kulankhula anali akuitana kale mwamuna wake kuti alize thirakitala. Kenako ndinaimbira Efraim, chifukwa boti lalikulu m'gombe muno ndi lake.

"Alamu, mwati nyanja ikufuna kudya nyama za Jokum? Ndibwere ndi mfuti?"

"Bwerani ndi mafosholo ndi anthu onse amene angakwane m'boti. Pakamwa mupasiye kunyumba."

"Sipachoka, alamu. Mkazi wanga anayesapo."

Dzuwa lisanafike pamutu boti linakocheza ndi anthu khumi ndi mmodzi, ena atanyamula mafoloko a udzu, ena ndowa, agogo ena atatenga chipande chophikira poti ndi chimene chinali pafupi. Anakokera boti kumtunda n'kuthamangira kudimba. Tonse pamodzi tinalipo khumi ndi asanu ndi mmodzi, ndipo mwa anthu onsewo amene ankadziwa kukumba mbatatesi anali a Jokum okha, amenenso anaphunzira powerenga kabuku.

Ndinaona chinthu chimene sindinkayembekeza. Amuna anga, amene pagulu amakhala kungodya n'kumangomwetulira, anaima pakati pa dimba n'kuyamba kulamula. Tiyambire mizere ya kumtsinje tizikwera. Amuna azizula, akazi azitola, odzaza matumba aziwakweza pathirakitala. Anthu anawamvera popanda wofunsa.

Alenje aja ndiye anatiseketsa. Munthu wozolowera mkondo ukamupatsa foloko amabaya basi. Efraim ankati akabaya pansi, potukula mbatatesi ziwiri zili kumano a foloko.

"Efraim, si akatumbu amenewo," a Jokum anakuwa. "Zinamwalira kale, usazibayenso. Lowetsa pambali, utukule pang'onopang'ono."

"Ndi dzanja, aise, linazolowera kusaphonya."

"Lero liphunzire kuphonya."

Patapita ola, mlenje wamkulu uja anali atagwira msana, akubuula. Pofuna kuwongoka anatsetsereka m'matope n'kukhala pansi kuti thapsa. A Jokum anamudutsa atasenza thumba, osaima n'komwe.

"Munda sugwedezeka, aise. Wagwa ndi chiyani?"

Dimba lonse linafa ndi phwete. Efraim naye anaseka ali pansi pomwepo, miyendo ili m'mwamba. Ine ndinaseka mpaka misozi, ndipo mawu amenewo ndinawasunga mumtima kuti ndizidzawakumbukira masiku oipa.

Mbatatesizo zinali zazing'ono, sindinama. Zambiri zinali ngati mazira a bakha, zina zochepa kuposa pamenepo. Tuperna anatola kamodzi n'kukaonetsa kudzuwa.

"Achimwene, izi ndi zodya kapena ndikasokere mkanda?"

"Tola, Tuperna. Ukamalankhula manja azigwira ntchito."

Nthawi yonseyi mtsinje unkakula. Poyamba unkangonong'ona, kenako tinayamba kuumva m'mapazi, nthaka ikunjenjemera pang'ono. Kumtunda chiayezi chinkalira ngati mabingu, ndipo kukalira aliyense ankaweramuka, kuyang'ana, n'kuweramanso mofulumira kuposa kale. Gombe linkagumuka chidutswa ndi chidutswa. Mizere imene tinayamba nayo m'mawa inali itapita kale, mpanda wa kumunsi ukulendewera m'madzi. Zibuma za ayezi zinayamba kudutsa, zoyamba ngati nkhosa, zotsatira zazikulu kuposa thirakitala, zikugubuduzika ndi kugundana. Tinayamba kuyimba nyimbo ya kutchalitchi kuti tisamve mantha, koma tinkaithamangitsa kwambiri moti abusa akanaimva sakanaizindikira.

Cha m'ma folo koloko madzi anasefukira m'dimba kuchokera kumtunda, kumene sitinkayang'ana. A Jokum anaponya fosholo pathirakitala.

"Basi. Aliyense kuchitunda, tsopano lino."

Onse anathamanga, kupatula ine. Tinali titakumba gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo mzere uliwonse wotsala ndinkauona ngati mlandu wanga. Ndinagwada n'kumafukula ndi manja, madzi ozizira ngati mpeni akundifika m'mawondo. Ndinamva akundiitana, ndinadzigonthetsa. Kenako ndinangoona ndili m'malere, a Jokum atandigwira mkono uwu, Efraim mkono uwo, miyendo ikupalasa mphepo, ndowa ili m'manja.

"Ndisiyeni, patsala mzere umodzi wokha."

"Dimba ndilima lina," a Jokum anatero akupuma movutikira. "Koma mkazi wogonjetsa amisiri ndikamupeza kuti?"

"Alamu, mukulemera kuposa katumbu wamphongo," anatero Efraim. Ndinamumenya ndi ndowa.

Tinaima pachitunda tonse, onyowa, matope mpaka m'makutu, n'kumaonerera. Sipanathe theka la ola dimba lonse linali mtsinje. Nsalu yoyera ija inayandama pang'ono n'kumira. Chigwa chonse kuchokera phiri ili kukafika phiri ilo chinali madzi akuda othamanga, atasenza ayezi wobiriwira ndi woyera, phokoso lake loti polankhula umachita kukuwa. Ndaona chigumula chimenechi kasanu m'moyo wanga ndipo nthawi zonse chimandiimitsa tsitsi, koma ulendo uwu ndinkangoyang'ana nkhope ya amuna anga. Anayang'ana malo amene panali dimba kwa nthawi yaitali. Kenako anapita kuthirakitala n'kuyamba kugwiragwira matumba limodzilimodzi. Analipo asanu ndi anayi, osawerengera ndowa yanga.

Ine mumtima ndinali nditaiika kale m'manda kafemiki ija. Tsiku lake linali kutali, keke panalibe, ndipo zokolola zambiri zinali paulendo wa kunyanja yamchere. Koma nyanja imene inatilanda dimba ndi imenenso inatigwirira alendo. Ayezi yense amene mtsinje unalavula anadzaza padoko pathu, moti boti la Efraim silikanatuluka mpaka madzi ataphwa. Anthu anagona pabalaza, m'khonde, ena pa udzu m'khola.

M'mawa mwake Tuperna anandipeza ndikupanga khofi, maso ali otupa.

"Mlamu, anthu alipo kale. Mbatatesi zilipo. Makapu ndawaona pakhomo la nyumba yakale, agalu akuwanunkhiza. Tikudikira chiyani?"

"Matumba asanu ndi anayi, Tuperna. Tizing'onoting'ono."

"Katumbu woyamba wa Efraim unamuona iwe? Ine ndinalipo. Anali ngati mphaka."

Tinakanda ufa wonse umene unali m'nyumba. Amuna aja tinawatuma kuphiri kukathyola zipatso zakuda zoika m'keke, ndipo anabwera milomo ili bii, ndowa zili theka. Nditawafunsa a Jokum kuti tiyale tebulo pati, anati, "Kukhitchini kwa amayi." Choncho tinatulutsa udzu, tinasesa, tinakolopa, ndipo zenera ndinalitsuka ndekha kawiri. Makapu ndinawamasula m'nyuzipepala imene inali itafiira ndi ukalamba. Onse khumi ndi awiri anali amphumphu.

Kafemiki inachitika tsiku lachitatu, mtsinje utayamba kutsitsa mawu. A Jokum anakhala pampando wa amayi awo atavala malaya oyera aja, batani limodzi la pakhosi litakana kutseka. Patebulo panali keke zinayi, nyama ya nkhosa, ndi mbale yaikulu ya mbatatesi zowiritsa ndi makoko omwe, batala akusungunuka pamwamba. Pambali pa mpando wawo panali thumba lotsegula logawira anthu. Poti makapu anali khumi ndi awiri ndipo ife tinali ochuluka, tinachita monga mwa mwambo: ena analowa, ena anadikira panja, ngakhale kuti tonse tinali titagona pakhomo limodzi masiku awiri. Aliyense polowa ankawagwira chanza a Jokum ngati akuwaona koyamba.

Mbatatesizo zinali zotsekemera, khungu lake lopyapyala loti umangolipukuta ndi chala. Agogo a chipande aja anadya zisanu ndi ziwiri n'kunena kuti za m'sitolo zochokera ku Denmark ndi sopo.

Gulu loyamba lili m'kati, Tuperna anaika kapu pansi n'kuloza pazenera. Tonse tinatembenuka. Pamwamba pa chiayezi, pamene dzana panali posalala, panali patatitimira, ming'alu yabuluu itazungulira ngati mbale yosweka. Kuseri kwake Dzino linali litatuluka, lakuda, pafupifupi lonse.

"Lipatse moni, Bolatta," anatero a Jokum.

Ndinatambasula mkono pagalasi. "Zala zinayi."

"Ndiye kuti tili ndi zaka zisanu. Tikolola kanayi m'chigwa, chachisanu tidzalima kumtunda. Ndipo dothi limene yatisiyira ulendo uno mukaliona, mudzandiuza."

"Ukufuna kubwereranso pomwepo?" wina anafunsa. "Madzitu saiwala khwawa."

"Ifenso sitiiwalanso zenera," a Jokum anayankha. Anthu anandiyang'ana n'kuseka, ndipo ndinawalola, poti ndinaziyamba dala.

Efraim analowa ndi gulu lomaliza. Anamwa khofi wake mwakachetechete, zimene zinandidetsa nkhawa, chifukwa munthu ameneyu akakhala chete ndiye kuti akunola. Atamaliza anaimirira n'kupita kutsogolo kwa a Jokum. Anthu anayamba kumwetulira kudikira nthabwala. Ine ndinagwira ketulo mwamphamvu, ndipo ndikulumbira kuti akanatchula katumbu ndikanamuthira.

Anavula chipewa. Anatambasula manja onse awiri pamodzi, monga amachitira akuluakulu polandira nthuli kwa mnyamata amene wapha koyamba.

"Jokum, mwana wa Makka, wabweretsa chakudya pamudzi. Ndipatseko gawo langa."

A Jokum anayang'ana manja aja. Anaweramira m'thumba n'kufufuza nthawi yaitali, kuposa imene imafunika posankha mbatatesi, ndipo poweramuka masaya anali onyowa. Anatulutsa yaikulu kuposa zonse, yokhala ndi mabowo awiri a foloko.

"Tenga iyi. Ili ndi bala la mkondo wako."

Anthu anaseka ndi kulira nthawi imodzi, Tuperna akudzipukuta ndi nsalu ya patebulo. Efraim anailandira, anaiika m'thumba la malaya la pachifuwa, n'kutenga chidutswa china cha keke.

"Yachedwa zaka makumi anayi ndi zinayi," anatero ali chotafuna, "koma yakoma."

Ndinamuthirira khofi wachiwiri, ngakhale kuti mwambo umati amwe n'kupatsa ena malo. Panalibenso wina wodikira panja.

Boti linachoka m'mawa mwake, aliyense atanyamula kathumba kake. Tinatsala ndi matumba anayi, awiri odya, awiri a mbewu. Lamlungu linafika ndipo ndinawakumbutsa a Jokum za ngongole yawo ya kundilalatira, koma anati atopa, tidzaone Lamlungu linalo. Mpaka lero sanapeze mpata. M'mawa uliwonse ndimatsika chitunda ndi bondo langali kukayang'ana pa zenera la apongozi, ndipo Dzino chaka chino lili pa zala zitatu ndi theka.

Makapu aja ndinawatsuka ndekha tsiku la kafemiki alendo atatuluka, limodzilimodzi, osalola munthu kundithandiza. A Jokum anabweretsa bokosi n'kuyamba kusalaza nyuzipepala zija kuti tikulungirenso. Ndinawalanda bokosilo n'kukaliponya m'mbaula. Makapuwo ali pashelefu kukhitchini, ndipo a Jokum amamwera khofi m'limodzi mwa iwo tsiku lililonse asanapite kudimba.